Zilembo pa chingwe cha khonje

Chaka chimene ndinachokera ku maphunziro a alezi a ana, mutu unali utandikula. Maphunzirowo anali a milungu iwiri yokha, kuboma kwa Phalombe konkuno, koma ndinabwerako ngati ndachokera kunja, kope lodzaza zolemba lili m'khwapa.

Sukulu yathu ya mkombaphala ili m'munsi mwa phiri la Michesi, m'kanyumba ka njerwa zootcha kamene kale kanali tchalitchi. Alezi tinalipo awiri, ine ndi mayi wina wa msinkhu wa amayi anga. Mayiwa ndiwo anaiyambitsa sukuluyo pansi pa mtengo wa mango, ine ndikadali ku pulayimale. Ankadziwa mwana aliyense, kwawo, ndi chimene chimamuliza. Mwana akavuta ankangomuyankhula mawu awiri m'Chilomwe, basi wakhala pansi. M'mudzi monse ankawalemekeza ngati aphunzitsi, ndipo ulemuwo ndiwo unali chuma chawo, poti ntchito yathuyi ndi yongodzipereka.

Sabata yoti sukulu itsegulidwe, tinayamba kukonza chipinda. Ntchito yolemetsa anagwira ndi iwo. Anakumba dothi lakuda kudambo, anazira pansi ponse atagwada, anachapa mikeka ndi kuyanika pa udzu. Anabweretsanso thumba la zitsononkho ndi zitsekerero za mabotolo zoti ana aziwerengera. Ine ndinakhala pakhonde masiku atatu ndikudula makatoni amene ndinapempha kugolosale. Pa katoni iliyonse ndinalembapo chilembo chachikulu, pansi pake chithunzi: mbuzi pa M, galu pa G, khasu pa K, dengu pa D. Zingapo ndinalibe nazo chojambula, ndinazisiya zilembo zokhazokha.

Ndinene zoona pano, poti ndi chifukwa chake ndikulemba. Ndinkaganizira kale kuti amayi aja sadziwa kuwerenga. Kalata ikabwera ankati, "Maso anga atha, mwanawe, tawerenga ndiwe." Koma maso omwewo ankalowetsa ulusi pa singano osaphonya. Mayina a ana ankaitana pamtima, kaundula ali chitsekere. A, B, C ankaimba bwino kuposa ine, koma sindinawaonepo atagwira choko. Ndinkadziwa zonsezi, ndipo Lachisanu lija, tsiku limene a komiti ya makolo ankabwera kudzaona chipinda, ndinawapatsabe amayiwo makatoni aja.

"Amayi, tapachikani izi pachingwepo, mwa ndondomeko yake. Ine ndikatunge madzi."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako analandira ndi manja awiri. Chingwe cha khonje tinali titachimanga kale kuchoka pa zenera kufika pa khomo. Ndinanyamula ndowa n'kupita ku mjigo, ndipo sindinafulumire.

Pobwera ndinapeza njinga ya wapampando wa komiti itatsamira khoma. M'kati munali wapampandoyo, bambo wachikulire wa mpingo wathu, ndi azimayi anayi a komitiyo. Makatoni onse anali pachingwe, motalikirana bwino, aliyense womangidwa ndi kaluzi kake. Koma mbuzi, galu, nkhuku ndi fulu zinali pamodzi kuzenera. Khasu, dengu ndi lichero zinali pakati. Zakudya zinali kukhomo. Zopanda zithunzi zija anaziika kumapeto, ziwiri zitazondoka.

Lero ndimaona kuti panali nzeru pamenepo, ziweto kwaokha, zipangizo kwaokha, ndipo mwana wa zaka zitatu akadazimva msanga kuposa ndondomeko yangayo. A komitiwo sanaone n'komwe cholakwika. Mayi mmodzi anali akuyamikira kuti chipinda chakongola. Ndikadangoika ndowa pansi n'kudikira kuti apite.

Koma ndinaseka. Ndinati, "Aa, amayi, n'chiyani ichi? Kodi zaka zonsezi ana a eni ake mumawaphunzitsa chiyani, poti ngakhale A simukumudziwa?"

Wapampando anakhosomola, anayandikira chingwe, n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Amayi aja anapukuta manja pa chitenje, anatola kaluzi kamene kanagwa pansi, n'kunena kuti akukaona mbuzi zawo. Anatuluka moŵerama ngati akudutsa pamaso pa apongozi.

Ndinamasula makatoni aja n'kuwapachikanso kuyambira A mpaka Z. Pa nthawiyo ndinkadzimva kuti ndakonza zinthu. Sindidzinamiza kuti linali lilime loterereka. Ndinkafuna kuti a komiti adziwe amene anapita ku maphunziro.

Lolemba sukulu inatsegulidwa, amayi aja sanabwere. Ana atsopano analira mpaka phala litapsa, ine ndikuthamanga uku ndi uku ngati nkhuku yotaya anapiye. Ana akale ankangoyang'ana kukhomo. Palibe amene anawachotsa ntchito amayi aja, komiti sinakhale n'komwe pansi. Amayiwo anangotumiza uthenga kuti miyendo ikuwapweteka. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unanditsata mpaka ku mjigo, kumene azimayi ankandifunsa monong'ona ngati n'zoona kuti amayi aja sadziwa kuwerenga, ena akuseka. Atsikana awiri a sekondale, amene anadutsa m'manja mwa amayi omwewo, anandiimitsa panjira n'kundifunsa funso lomwelo. Ndinachita manyazi kwambiri, koma manyazi omwewo anandichedwetsa milungu itatu ndisanapite kwawo.

Ndinawapeza pabwalo akusenda nandolo. Anandiyalira mkeka, anandifunsa za kunyumba, anafunsanso za kamwana kena kamene kamaopa chimbudzi, ngati kazolowera. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinawapempha kuti abwerere. Ndinalonjeza kuti zilembo ndizigwira ndine, iwo azingochita zimene amachita.

"Palibe mlandu, mwanawe," anatero, maso ali pa lichero. "Unanena zoona. Ine sukulu sindinaipondeko, bambo anga ankati mtsikana akaphunzira amathawa khasu. Kubwerera kokha ayi. Ndikaima kutsogolo kuja, makolo aziti chiyani?"

Anasenda nandolo zingapo. Kenako anatsitsa mawu, ngakhale pabwalopo panalibe wina.

"Chimodzi chokha ndikupemphe. Ana anga aja ndinawalera, ena ali ku sekondale tsopano, amandipatsa moni wa aphunzitsi. Asamve zimenezi."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinalibe mtima wowauza kuti anamva kale.