Nyimbo ya Mwana Amene Anatsala Panjira

Dzulo pamsika wa Mangochi fungo la utaka wowamba linandiimitsa, ndipo ndinangopezeka ndikung'ung'udza nyimbo imene ndinkayesa kuti ndinaiwala.

Ndili wamng'ono ku Lungwena, amayi anga ankawamba nsomba limodzi ndi amayi ena amene anathawa nkhondo ku Mozambiki. Amayi a ku Mozambikiwo ankaimba akamatembenuza nsomba pawaya, mapewa akugwedezeka ngati ali paukwati. Inenso ndinkavina nawo, mpaka tsiku lina ndinatchera khutu ku mawu ake. Nyimboyo inkati Mulungu ananditengera mwana panjira, sanandipatse ngakhale khasu lomuikira, komabe Iye ndiye wokondedwa wanga.

Ndinasiya kuvina. Kumadrasa ankatiphunzitsa kuti Mulungu ndi wachifundo, ndipo pakati pa anafe, wokulanda chinthu sitinkamuimbira, tinkamugenda.

"Amayi," ndinafunsa amayi a ku Mozambiki aja, "wakutengerani mwana, inu n'kumamuimbiranso? Simukwiya naye?"

Amayi anga ananditsina pantchafu mpaka ndinalumpha. Koma anzawowo anangoseka, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Sindinadziwe ngati unali utsi.

"Kukwiya ndimakwiya, mwanangu, tsiku lililonse," anatero. "Koma ndikasiya kulankhula naye, ndaninso wina akudziwa mtengo umene ndinam'goneka pansi pake mwanayo?"

Ndinayang'ana amayi anga kuti andimasulire, koma iwo anali atatembenukira kunyanja. Mafuta a nsomba ankadonthera pamakala n'kumathetheka. Anzawo aja anayambiranso nyimbo yawo, nandikodola kuti ndivine. Ine ndinangoti chilili, nkhuni zimene anandituma zili m'manja.