Mwala wa M'chifuwa cha a Sitima

A Eneya Sitima anabadwira ku Nazombe, koma anakakwatira chikamwini m'mphepete mwa Nyanja ya Chilwa, kwa mayi Eveles, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzirira usodzi. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wolankhula Chichewa chopendekera ku Chilomwe cha makolo awo. Padooko anthu ankawadziwa ndi phwete lawo. Mwa ana amene anabereka, amene anakula ndi mmodzi yekha, Phillip, ndipo atafika pa unyamata anayamba kupalasa bwato limodzi ndi bambo ake.

Mu 1995 nyanja inayamba kuphwa. Asodzi ankatsatira madzi mkati, n'kumagona m'tinyumba ta udzu toyandama, akumwa madzi omwewo amene ankasambamo. Phillip anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza m'mawa wina, ndipo pofika masana maso anali atalowa. Bambo ake anamubereka kudutsa m'matope mpaka kumtunda, anamukhazika pa njinga, n'kumumangirira kumsana kwawo ndi chitenje. Anafika naye kuchipatala atatsirizika kale.

Pamaliropo, a Sitima sanalire. Anathandiza kudula mitengo ya kumanda, analandira alendo, anathokoza a mpingo. Anthu anawayamikira kuti ndi mwamuna wolimba mtima.

Mvula itabwera, nyanja inadzazanso, koma iwo sanabwerere pamadzi. Bwato linawola ali kuliona. Anayamba kudandaula m'chifuwa, mutu, ndi khosi louma. Kuchipatala anawapima makhololo, anawayeza kuthamanga kwa magazi, n'kuwauza kuti palibe chimene chapezeka. Anapita kwa sing'anga, anatemeredwa mphini, osasintha. Pakhomo dzina la Phillip linasiya kutchulidwa. Mayi Eveles akayamba kunena za mwanayo, amuna awo ankanyamula khasu n'kupita kudimba la mpunga, ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Patapita zaka zingapo kunabwera mayi wina wochokera ku yunivesite ku Zomba, dzina lake Rozaria Makina. Anali katswiri wa za maganizo a anthu, ndipo ankafufuza mmene nkhawa imadwalitsira thupi, makamaka kwa anthu amene sazindikira chimene chikuwapweteka mumtima. Ankacheza ndi mabanja a asodzi amene anavutika nyanja itaphwa. A Sitima anavomera kucheza naye poganiza kuti mwina wabwera ndi mankhwala a chifuwa.

Anakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango. Mayi Eveles anali kuseri kwa nyumba, akutsuka nyemba za kalongonda.

"Bambo, mukakumbukira chaka chija, mumamva bwanji mumtima?" anafunsa Rozaria.

"Sindimva kanthu, mayi. Ine vuto langa ndi chifuwa basi."

"Chimapweteka motani?"

"Ngati muli mwala. Apa." Analoza pansi pa khosi.

"Mwalawo umalemera nthawi zonse?"

A Sitima anaganiza. Palibe amene anawafunsapo zimenezo. "Ayi. Ndikakwera njinga. Komanso wina akanditsamira kumsana, ngakhale kutchalitchi."

Rozaria sanafulumire kufunsanso. A Sitima anayamba kulankhula okha, maso ali pamkeka.

"Kuchipatala ndinanena kuti sindinadziwe kuti mwana wapita. Ndinadziwa. Tili pakati pa njira anandiitana, akuti, 'Ababa, imani pang'ono.' Ine ndinati limba, tatsala pafupi. Sindinaime. Kenaka mutu wake unagwera paphewa langa, thupi lonse n'kulemera. Ndinapalasabe. Ndinkamuuza za ukonde umene tidzagule madzi akabwerera. Mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna kundiuza."

"Chimene mwanyamulachi ndi chisoni, bambo," anatero Rozaria motsitsa mawu. "Pamwamba pake mukudziimba mlandu. Thupi lanu lakhala likunena zimene pakamwa pakhala pakukana. Amayi akunyumba munawauzapo?"

"Angandione bwanji?"

Sanawauze tsiku limenelo, ngakhale mwezi umenewo. Anawauza nthawi yokolola, awiriwiri m'munda wa mpunga. Mayi Eveles anaika chikwakwa pansi n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Ndinamva zonse tsiku lija ndili kuseri," anatero. "Ndimadikira kuti mundiuze ndi pakamwa panu. Inu mumaganiza kuti mukanaima, mwana akanakhala moyo? Ine chimene chimandipweteka n'chakuti ndinalira mwana wanga ndekha, ngati wamasiye, inu muli pomwepo."

A Sitima anakhala pansi m'chiputu n'kulira mokweza, mpaka okolola a m'minda yoyandikana anaimika ntchito. Akazi awo analira nawo.

Chifuwa sichinathe, koma chinapepukako. Anayambanso kutchula dzina la Phillip, nthawi zina mpaka kuseka pokumbukira mmene ankaopera misundu ya m'madzi ali wamtali kuposa bambo ake. Zaka zimenezo zinali zochepa. Njala ya 2002 inapeza mayi Eveles atafooka kale, ndipo malungo atawagwira sanapirire. Atatha maliro ndi kumeta, abale a malemu anawasudzula a Sitima mwaulemu. Pamudzipo analibe mwana woti n'kuwasunga, choncho anamanga katundu wawo pa njinga n'kubwerera ku Nazombe, kwa mlongo wawo.

Rozaria anawapeza kumeneko patapita zaka zina, atafunsira njira kunyanja. A Sitima anali ataonda, akusenda chinangwa pakhonde. Rozaria atapepesa za maliro, anawafotokozera kuti zimene anapeza pa kafukufuku uja zinasindikizidwa, ndipo mawu awo analimo, ngakhale dzina analibisa. Akatswiri a m'mayiko ena, polemba zawo zokhudza nkhawa, ankatchula ntchito yakeyo kawirikawiri, ndipo ophunzira unamwino ena anayamba kuiwerenga.

"Ndiye kuti kunjako aliko ena odwala ngati ine?" anafunsa a Sitima.

"Ambiri, bambo."

"Azungu omwe?"

"Iwonso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Muziwauza asamachedwe. Ine ndinawatayitsa zaka amayi aja. Tinkagona nyumba imodzi, koma aliyense ndi maliro ake."

"Nanga panopa mukumva bwanji?"

"Panopa ndikudziwa dzina la chimene ndikumva. Ndasungulumwa, mayi. Kudziwako kumathandiza, koma woti ndimuuze ndiye palibe. Mlongo wangayu makutu anagontha."

Rozaria anakhala nawo mpaka dzuwa litapendeka. Ponyamuka anamupatsa chinangwa m'kathumba, n'kumuperekeza mpaka pamsewu, akuyenda mopumira.

A Sitima anamwalira chaka chotsatira, nthawi ya dzinja, atadwala chibayo masiku ochepa. Uthenga unachedwa kufika kunyanja chifukwa mitsinje inali itadzaza. Asodzi anzawo akale anabwera pa njinga maliro ataikidwa kale, ndipo mlongo wa a Sitima anawatsogolera kumanda kukaona mtumbira.