Chikwama Chopanda Mfuti pa Mlandu wa Makiyi

Lolemba la sabata yatha ndinalowa m'sitolo ya mfuti kuno ku Virginia, chilolezo chili m'thumba. Ndinapita kukagula mfuti. Ndinatulukamo ndi chikwama chake chokha.

Ndiyambe ndi chimene chinandipititsako. Ndimayendetsa bulekidauni. Munthu akaimika galimoto pamalo oletsedwa ku Annandale, wobwera kudzaikoka ndine. Palibe amandilandira ndi madzi akumwa. Miyezi itatu yapitayo mkulu wina anandiswera galasi ndi sipanala, masanasana, ine ndili m'katimo. Nditafika kunyumba ndinauza akazi anga kuti basi, ndigula mfuti. Anangondichotsa tizidutswa ta galasi m'tsitsi.

Maphunziro ake ndinachita. Chilolezo chinabwera.

Wogulitsa anali mayi wa imvi, wosathamanga polankhula. Ndinamuuza kuti ndikufuna volovolo yaing'ono, ija ya gudumu lozungulira, yolowa zipolopolo zisanu. Sindifuna chinthu cha mabatani ambiri. Anandiyalira zitatu. Anati yopepukayo imanyamulika bwino koma ukaomba imamenya dzanja. Yolemerayo imakhazikika m'manja koma imakoka buluku. Yachitatu inalibe kanyanga kumbuyo, ndiye siikola malaya poitulutsa. Mtima wanga unagwa pa yachitatuyo.

Kenako tinafika pa chikwama, chimene kuno amati holisita. Ine ndinkayesa ndi kathumba wamba. Ayi. Chiyenera kuphimba pamene chala chimakoka, chigwire lamba molimba, ndipo chibisike m'kati mwa buluku. Mayiyo anandifunsa mmene ndimagwirira ntchito. Ndinati ndimakwera, ndimatsika, ndimagwada pomanga matcheni, nthawi zina ndimagona pansi pa galimoto. Anati ngati zili choncho nditenge kaye chikwama chokha, ndichivale sabata yathunthu, chifukwa chikamakutsina umayamba kuchisiya paliponse, ndipo mfuti yosiyidwa paliponse imapeza mwini wina.

Ndikutuluka anawonjezera mawu awa: "Mukayamba kuyenda nayo, pa mkangano uliwonse wogonja muzikhala inu."

Ndinagwedeza mutu. Ndinaziyesa zonena za amalonda.

Lachiwiri chikwamacho chinanditsina pamimba. Lachitatu ndinachisunthira kumanja, kuseri kwa fupa la m'chiuno. Pofika Lachisanu ndinali nditaiwala kuti chilipo.

Loweruka m'mawa kunabwera foni. Anali Tadala, mwana wa mnzanga wa kwathu, amene anakwatiwa ku Germantown ndi mnyamata wa ku Chipata, Daliso. Amalume ake enieni ali kumudzi, ndiye pa ukwati wawo nkhoswe ya kuchikazi ndinakhala ine. Kuno zimatero. Ukangokhala ndi imvi komanso nambala ya foni, unkhoswe wakupeza.

Nkhani inali ya makiyi. Daliso anabisa makiyi a galimoto ya mkazi wake. Masiku atatu Tadala osapita kuntchito, kumene amasamalira okalamba m'nyumba zawo. Mwamunayo ankati chiyambireni kuyendetsa galimoto mkaziyo wamera mapiko. Nkhoswe ya kuchimuna inali kuntchito, ndiye ndinapita ndekha. Kulakwa koyamba kunali kumeneko. Chilolezo changa sichigwira ntchito ku Maryland, chigawo chimene kuli Germantown, koma poti mfuti ndinalibe, sindinaganize n'komwe zovula chikwamacho.

Ndinafika chakumasana. Daliso anandilonjera bwino, n'kundipatsa mpando. Ndinamuuza kuti aike kaye makiyi patebulo, nkhani tikambe pambuyo. Anati makiyi sakuwadziwa. Ndinabwereza. Nkhope yake inasintha.

"Ankhoswe, muno ni mwanga," anatero. "Kuno si kumunzi."

Ndinaimirira. Nayenso anaimirira. Ndinamuuza kuti akamwini, mwana wa eni ake ameneyu sanabwere kudzatsekeredwa ngati nkhuku. Iye anandikankha pachifuwa ndi zala ziwiri. Ziwiri zokha. Kukankha kwake ngakhale mwana wa sukulu sangagwe nako.

Dzanja langa lamanja linanyamuka lokha. Linakweza malaya, n'kukafika pachikwama.

Sindinalitume. Ndinazindikira lili kale pomwepo, zala zikufunafuna chinthu choti palibe. Daliso anaona. Maso ake anatsikira m'chiuno mwanga, anaona chinthu chakuda chitakola palamba, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana. Patapita kanthawi analowa kuchipinda, n'kubwera ndi makiyi. Anawaika patebulo ndi manja awiri.

Tadala anali kumbuyo kwanga, sanaone kanthu. Pondiperekeza ku galimoto anali akumwetulira.

"Malume, lero ndiye wamva. Mawu anu amalemera."

Ndinangoti atsale bwino, n'kuliza galimoto.

Tsono ndikufunseni, abale anga. Mlandu umenewu unatha?

Makiyi anabwera, inde. Koma sanabwere chifukwa mnyamatayo anaona kulakwa kwake. Anabwera chifukwa anaganiza kuti nkhoswe ya mkazi wake ikhoza kumuombera pabalaza pake. Ndipo chondisowetsa mtendere n'chakuti sindingalumbire kuti anaganiza molakwa. Mukanakhala chitsulo m'menemo, dzanja lija likanaimira pati? Sindikudziwa. Zaka zonsezi ndinkadziyesa munthu woleza mtima chifukwa sindilankhulalankhula. Kusalankhula ndi kuleza mtima ndi zinthu ziwiri.

Amuna ambiri a kwathu amene ali kuno akugula mfuti masiku ano, mwakachetechete. Tikatuluka m'tchalitchi, poimika magalimoto paja, nkhani imamveka chapansipansi. Uyu akuti yabwino ndi yakuti, uyo akuti ayi, chikwama chachikopa chimaposa chapulasitiki. Sindinamvepo wina akufunsa mnzake kuti kodi iwe, munthu akakukankha pachifuwa, umatani?

Aliyense pogula amaganiza za mbava, munthu wachilendo wopanda dzina. Koma werengani anthu amene mwakangana nawo chaka chino. Angati mwa iwo anali achilendo? Ife ndi anthu olowerana m'nyumba. Timakangana pa zokonzekera maliro, pa ukwati, pa msonkhano wa anthu akumudzi. Timakwezerana mawu, nthawi zina timagwirana malaya, mawa lake tikudyera limodzi. Zimatheka chifukwa aliyense amadziwa kuti zikavuta bwanji, zithera pakamwa. Mmodzi akangolowa ndi chitsulo m'chiuno, ngakhale asachitulutse, enawo sakukambanso. Akungovomera.

Sindikunena kuti wogula mfuti ndi wopusa. Mkulu wa sipanala uja alipo, ndi anzake. Mawa ndibwerera kuntchito, ndikagwada pambali pa galimoto ya munthu wokwiya, msana uli poyera. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo amene sanamuswerepo galasi kumaso asandiphunzitse za kulimba mtima.

Koma mayi wogulitsa uja ananena zoona. Woyenda ndi mfuti ayenera kuthawa mkangano. Nkhoswe imaitanidwa kuti ilowe pakati pa mkangano. Mapanga awiri avumbwitsa. Wina anganene kuti popita ku milandu uziisiya kunyumba. Kodi dzanja lozolowera njira ya m'chiuno nalonso ulisiya kunyumba? Langa linaphunzira njirayo m'masiku asanu, popanda wolilangiza.

Kusitolo sindinabwerereko. Mwina ndidzapita, mwina ayi. Ngati ndidzapite, ndiyambe ndauza anthu kuti asakenso nkhoswe ina.

Chatsala ndi Daliso. Wandiimbira foni kawiri sabata ino, kungofunsa ngati ndadzuka bwino, ulemu wake wochita kusefukira. Sanayambe wateropo. Ulemu umenewu ukundinyansa. Nkhoswe ya kuchimuna yakonza zoti tikumane tonse Lamulungu likubwerali, ndipo ndaganiza zokamuuza mnyamatayo, pamaso pa onse, kuti munalibe kanthu m'chikwama muja, ndi kuti ndinalakwa.

Akazi anga akuti ndisatero. Akuti mwana wa eni ake akupita kuntchito tsopano, nanga Daliso akamva kuti munali mphepo yokha, makiyi aja sasowanso? Akhoza kusowa. Zikatero ndidzapitanso ku Germantown, tikakambe mpaka pakamwa paume, ndipo mwina ndidzabwerako chimanjamanja.

Inu mukanakhala ine, mukanamusiya aziopa?