Kamtsuko Kokhota Khosi

Evert Blomgren sakhazikika. Chipumireni pantchito yoyendetsa basi ku Nybro, Loweruka lililonse amakhala ali m'misika ya katundu wakale, kutembenuza mitsuko yagalasi, kusuzumira kunsi kwake. Mawindo onse kwake adzaza mitsuko ya m'ma 1950, mkazi wake Majken mpaka kusowa poika duwa.

Koma kamene amafuna ndi kamodzi basi. Bambo ake ankaumba zinthu zagalasi pouzira mpweya kufakitale, ndipo nthawi yopuma amisiri ankapanga zawozawo ndi galasi lotsala m'ng'anjo. Mdalayo anapanga kamtsuko kobiriwira, kokhota khosi, kopanda dzina kunsi. Atamwalira, mlongo wake wa Evert anakapereka kwa anthu pamodzi ndi mapoto.

Tsiku lina pamsika wa zakale muholo ya tchalitchi Evert anakaona, kali m'manja mwa mayi wina wachipewa chofiira.

Kwathu kuno chinthu chikakhala m'manja mwa mnzako sulankhula, umadikira achitule. Evert anayamba kumulondola mayiyo. Akaima pa nsalu, iyenso wayima, kunamizira kuona nsalu. Akapita pa mabuku, iye ali pambuyo.

"Kamuuze, iwe!" Majken anamugunyuza. "Pakamwa unasiya m'basi?"

"Atula yekha. Kalibe dzina, ogula sakonda zopanda dzina."

"Iwenso dzina ulibe, koma ndinakutenga."

Mayi uja anagula khofi ndi banzi, n'kukhala pansi, kamtsuko kali pamiyendo. Evert anazungulira tebulo lake, thukuta kamukamu. Kenaka mayiyo anacheuka.

"Bambo, mwandizungulira mokwana. Mukufuna ine kapena kamtsukoka?"

Evert anafiira mpaka makutu.

"Ayi, mayi, pepani. Ndimafuna shuga."

Mayiyo anamupatsa shugayo. Munthu wopanda ndi khofi yemwe! Mayi uja anadzuka, kulipira kamtsuko kaja, kutuluka nako, n'kukwera galimoto yake.

Majken anamukokera mwamuna wake kugalimoto. "Liza injini! Uyo akukhota apoyo. Tikamupeza ndilankhula ndine, iwe uzigwira shuga wakoyo."

Anamutsatira mumsewu wa m'nkhalango. Koma Evert moyo wake wonse sanapyolepo liwiro lolembedwa pachikwangwani, ndipo tsikulo sanapyolenso. Majken anakuwa, anamenya pampando, mwendo wa mdala osasuntha. Galimoto ya mayiyo inachepa, inachepa, n'kulowa m'mapaini.

Pamphambano Evert anaima, injini ikulira, mutu uku ndi uku.

"Kumanja kapena kumanzere?" anafunsa.

Majken sanamuyankhe mpaka Lachiwiri.