Manachesi Amene Ndinadzala ku Neno

Mkazi wanga anali wa ku Neno, kumudzi wina wa m'mapiri kupitirira pa boma. Ndinakhala kumeneko pachikamwini zaka zambiri, ndipo ndinadzala manachesi kuseri kwa nyumba yathu. Atamwalira, abale ake anandisudzula monga mwa mwambo, ine n'kutsikira ku Zalewa ndi chikwama changa basi.

Chaka chatha, nthawi yozizira, anzanga a kutchalitchi anakonza ulendo wokaona mapiri a ku Neno. Msewu wafumbi uja unatigwedeza mpaka ndinakalipira dalaivala. Anzanga ali kalikiliki kujambula zigwa ndi mafoni awo, ine ndinawazemba n'kulowera kumudzi kuja. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuthyola nachesi ndi dzanja langa mumtengo wanga.

Mlamu wanga, mng'ono wake wa malemuyo, anandilandira bwino kwambiri, ndipo n'zimene zinandipweteka. Ananditulutsira mpando wa alendo, osati chitsa chimene ndinkakhalira kale. Nditanyamuka kulunjika kuseri kwa nyumba, anandigwira mkono.

"Khalani pansi, alamu. Alendo sathyola okha. Ndikuthyolerani ine."

Ine amene ndimakalipira ngakhale nkhuku ikandidutsa kutsogolo, ndinangobwerera pampando paja. Ndikanakangana naye chiyani? Mitengoyo ili pa dothi lawo.

Anabwera ndi manachesi m'mbale, osankha bwino, otsukatsuka. Ndinathokoza mwaulemu ngati mlendo weniweni. Pobwerera anzanga anawadya m'galimoto, akuyamikira kutsekemera kwake, makoko akuponya pawindo. Ine sindinalaweko ngakhale limodzi.