Nthungululu za pa Sikelo

Mwana wanga wamkazi, chitsirizira mwa ana asanu, ntchito yake ndi yofufuza za kunenepa. Anthu akandifunsa chimene amachita ku sukulu yaukachenjede kuja, ndimangoti amaphunzitsa za zakudya. Ndikanena zoona amaseka. Kunenepa nako n'kofuna kufufuza? Munthu ukamadya bwino, mtima uli m'malo, thupi limabwera lokha. Inenso ndinkadziwa choncho.

Mwana ameneyu anabadwa chaka cha njala, ali wochepa ngati chinangwa chokumba msanga. Mwezi uliwonse ndinkamubereka kupita naye ku sikelo. Ankamuika m'kathumba ka nsalu, n'kumupachika, iye akulira, ine maso ali pa kamuvi kaja. Mzere wa pa khadi lake sunkakwera. Pobwerera ndinkapemphera kolona njira yonse, mawu anga ali amodzimodzi: Ambuye, muonjezereni ngakhale pang'ono. Ndinkamuphikira phala la nsinjiro, mtedza wake wopempha. Tsiku limene kamuvi kanasuntha, ndinaimba nthungululu pomwepo, amayi anzanga n'kundithandiza. Kuchokera nthawi imeneyo, kwa ine sikelo ikakwera ndiye kuti Mulungu wayankha.

Zaka zinapita. Bambo awo a ana anatisiya, anawo n'kubalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Kasungu, wina kutali koti sindidziwa njira yake. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya zipinda zinayi, pa chitunda pomwe ukakhala pakhonde umaona mapiri a Ntchisi ali bii kumpoto. Fodya ndinasiya kulima. Munda wa chimanga anawo anati azilima aganyu, ine ndipume.

Ndi ana abwino, ndisawanamizire. Kubwera sankatha, koma mwezi sunkatha osamva kuti katundu wanu wafika pa Dowa boma, mukatenge. M'katonimo munkakhala shuga, mafuta ophikira, majarini, ufa wa mandasi. Ndikamasula chingwe cha katoni ndinkamva ngati alowa m'nyumba. Tiyi ndinkamwa m'mawa, masana, madzulo, shuga masupuni atatu, osati chifukwa cha ludzu ayi, koma kapu yotentha m'manja imakhala ngati mnzako. Komanso manja anga anazolowera kuphikira anthu asanu ndi awiri. Ndikati ndichepetse, ndinkangopeza mphika wadzadza. Ndipo kutaya chakudya, kwa munthu amene anaona njala, ndi tchimo. Ndinkadya mpaka chithe.

Thupi linabwera. Kumjigo amayi ankati, “Koma ana akukusamalani inu!” Mawu amenewo ankanditenthetsa mtima sabata yathunthu. Ana anga sankaoneka m'mudzi, koma ankaoneka pa ine.

Chaka china titangokolola, mwana wanga uja anabwera ndi sikelo yopondapo, tepi yonga ya atelala, makina oyezera kuthamanga kwa magazi, ndi mapepala ambirimbiri. Anapempha kuti ayeze amayi a mumphakati mwathu, tikatha mapemphero a Lachinayi, amene afuna okha. Onse anafuna. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga pomwe. Iye anayamba wafotokoza chifukwa chake, koma kunena zoona sitinkamvetsera. Tinkangomuyang'ana mmene wakulira.

Mlamu wanga, amene nyumba yake ili kuseri kwa khola langa, ndi munthu wa pakamwa posatseka. Anandikodola n'kunena mokweza kuti onse amve, “Alamu, mwana wanuyu nzeru anatenga, koma thupi analiiwala m'kalasi. Tamuonani, mphepo ya ku Ntchisi ikangowomba timutola kudambo.”

“Azakhali, inu pondani kaye apa, za mphepo tikambe bwino,” anatero mwana wanga akuseka.

Anaponda mmodzimmodzi. Wopepuka tinkamuseka, wolemera tinkamuombera m'manja, monga tinkachitira ku sikelo ya ana. Ine ndinali womaliza. Nditaponda, manambala anathamanga n'kupitirira onse. Tepi ija inavutika kukumana m'chiuno mwanga. Alamu anadumpha n'kuimba nthungululu.

“Belo la fodya la giredi yoyamba ilo! Ili ku okushoni salibweza!”

Amayi onse analandira nthungululuzo. Ine ndinavinako pang'ono, dzanja lili m'mwamba. Ndinali wokondwa kuti mwana wanga waona yekha, pamaso pa anthu, kuti katundu wake sanapite pachabe. Koma iye anangolemba, mutu osadzutsa. Pa mkono anandiyeza kawiri, pomwe ena anawayeza kamodzi.

Anthu atabalalika tinakhala pakhonde tikuswa mtedza. Kenako mwana wanga anayamba kundifunsa.

“Amayi, mutu umakupwetekani?”

“Masiku ena.”

“Mukamakwera chitunda cha kutchalitchi mumapuma kangati?”

“Katatu. Nanga si ukalamba, mwanawe.”

“Si ukalamba wokha ayi.”

Anandiuza pang'onopang'ono, ngati mmene ndinkamudyetsera phala lija. Anati chimene amafufuza n'chakuti kunenepa kopyola muyezo kwafika ndi kumidzi komwe, ndipo kumabwera ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, koma palibe amakuopa chifukwa kumavala nkhope ya madalitso. Anati mtima wanga ukusenza katundu woposa mphamvu zake, ndipo tsiku lina ungathe kutula popanda kutsanzika. Kenako misozi inayamba kutsika.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba zimenezi, amayi, uku ndikukutumizirani shuga. Ndinkalemba za amayi a anthu ena.”

Ndinamupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, koma mumtima ndinali nditakwiya. Ndinati, “Ndiye ndikaonda anthu adzati chiyani? Adzati ana anditaya. Ena adzati ndi matenda aja. Iwe udzakhala uli kutauni, manyazi adzakhala anga.”

“Bola azikunenani muli moyo,” anatero.

M'mawa mwake anandiperekeza kuchipatala, ndipo anandipatsa mankhwala omwa tsiku ndi tsiku. Mwana wangayo sanandiletse chakudya chilichonse. Anangotenga kambale kake ka chitsulo, kamene ankadyera ali mwana, n'kundiuza kuti ndizidyera m'menemo, theka likhale masamba. Shuga supuni imodzi. Mafuta a pa nsonga ya supuni. Kuyenda tsiku lililonse, ndi kubwerera kudimba. Za makatoni anati sauza abale ake kuti asiye mpaka ine mwini nditavomera. Anakwera minibasi, ine n'kutsala ndi kambale.

Ndinakaika pamwamba pa kabati. Miyezi iwiri sindinakakhudze. Makatoni anapitiriza kubwera, ine n'kumamasula zingwe.

Lamulungu lina ndikukwera chitunda chija, maso anachita mdima, makutu n'kuyamba kulira. Ndinakhala pa mwala, thukuta lili kamukamu. Anthu anali atapita kale, njira ili zii. Ndinamva nyimbo yolowera ikuyamba kumtunda, kenako ya zopereka, mpaka yotulukira, ine ndili pamwala pomwepo. Chibatizidwire changa ndinali ndisanamvepo Misa ndili kunja ngati munthu woletsedwa. Ndinaganiza kuti ndikanagwa pamenepo, wondipeza akanakhala wobusa mbuzi.

Masana omwewo ndinamuimbira foni mwana wanga uja. Ndinati, “Uwauze abale ako asiye kutumiza.” Ndinatsitsa kambale kaja n'kukatsuka.

Pemphero lake ndiye linandivuta. Moyo wanga wonse ndinkapempha kuti Ambuye aonjezere, aonjezere mvula, chimanga, thupi la mwana. Kupempha kuti achotseko lilime langa silinkadziwa. Ndinkangoti, Inu mukudziwa.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Tiyi wa supuni imodzi ndi madzi otentha chabe. Mwezi ukatha ndinkapezeka ndikumvetsera foni, kudikira uthenga wa katundu, kenako n'kukumbukira kuti ndinaletsa ndine. Anawo anayamba kutumiza nyemba ndi usipa nthawi zina, koma kanthu kochepa, kosafuna chingwe. Chitenje chinayamba kuzungulira mopitirira pomwe chinkathera. Ndipo zimene ndinkaopa zija zinafika. Ndikayandikira pamjigo nkhani inkaduka. Moni ankandipatsa wa munthu wodwala, wotsitsa mawu, mutu atapendeketsa. Mawu aja akuti ana akukusamalani sindinawamvenso.

Tsiku lina alamu anatulukira ndi beseni lovundikira. Sananene za belo. Anakhala pansi, n'kuvundukula. Munali mandasi.

“Alamu, ine ndi inu ndife a khomo limodzi. Musandibise. Ngati ana akutayani, nenani. Ngati ndi matenda, mankhwala aliko masiku ano, si zochititsa manyazi.”

“Palibe wanditaya, alamu. Mwana uja ndiye anati ndichepetse thupi, mtima ungaleme.”

“Mwana amene munamupempherera kuti anenepe uja?”

“Yemweyo.”

“Hmm. Sukulu inazake!” Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinaona kuti sanakhulupirire. “Chabwino, muziwaikira kumbuyo ana anuwo. Koma idyani ndikuona.”

Ndinanyema ndasi limodzi pakati, theka ndinadya, theka n'kuwabwezera. Otsalawo anamaliza okha, akudandaula kuti ndawaonongetsa ufa. Kuyambira pamenepo amabwera Lachinayi lililonse tikachoka kumphakati, kudzaonetsetsa kuti ndadya. Amadya nkhwani zanga uku akuzinyoza kuti zilibe mafuta. Ndinasiya kuwatsutsa. Masiku ena asanu ndi limodziwo ndimadya ndekha, m'kambale ka mwana wanga.

Mwanayo anamaliza kulemba buku la kafukufuku wake, n'kunditumizira limodzi. Ndi lachikuto cholimba, la Chingerezi chokhachokha. Ine sukulu ndinalekera sitandade faifi, ndiye ndimangotsegula n'kuona mizere yokwera ndi yotsika, yonga ya pa khadi lake lija. Ndinamufunsa pafoni ngati ndilimo. Anati mulimo amayi, koma popanda dzina, muli nambala chabe. Ndinati zikomo, ngakhale nambala ndi malo. Ndimalisunga pamodzi ndi buku la nyimbo.

M'mudzi muno mpaka lero alipo amene amati ana anga anandiiwala. Zimandipweteka, sindinama. Ndikamva, ndimalowa m'nyumba n'kukhala kaye phee.

Lamulungu lapitali ndinanyamuka nthawi yomwe ndinazolowera, yowerengera zopuma zitatu zija. Ndinadutsa mwala uja osauzindikira. Nditafika pamwamba ndinapeza chitseko cha tchalitchi changotsegulidwa kumene, mabenchi onse ali opanda munthu. Ndinatembenuka kuyang'ana chitunda chonse mpaka kumunsi. Panalibe woimba nthungululu. Ndinalowa, n'kugwada pa benchi yakutsogolo, mawondo osadandaula, ndipo ndinathokoza Ambuye chifukwa cha mwana amene anamuonjezera, mpaka anthu anayamba kufika.