Madzi a m'beseni ankandithamangitsa

Anthuni, izi si nthano iyayi, ndipo amene akuti ndikunama abwere kwathu kuno kuseri kwa Ulongwe, kumene minda yathu imakathera mu Shire, adzafunse ngakhale mbuzi, zonse zikundidziwa. Lero ndimaseka, ndimavina, ndimalulutira ngakhale nkhuku ikaswa anapiye, koma zaka zinayi zathunthu ndinali munthu wothawa madzi, ee, madzi omwewa timamwawa.

Ndinali ndi mnzanga wa pamtima amene tinavinidwa naye tsiku limodzi, ndipo Lachinayi lililonse tinkapita kudooko kukachapa, kuti Lachisanu amuna athu akalowe mumzikiti atavala zoyera. Padookopo aliyense anali ndi mwala wake wochapirapo, wanga unali wakumapeto, wosalala bwino, madzi ofika m'maondo. Lachinayi lina dzuwa lili paliwombo ndinatuluka kukayanika nsalu pazitsamba, mnzangayo n'kundipempha kuti ndimubwereke mwala wanga poti wake ukumudyera sopo, ine n'kumuseka kuti chikudya sopo ndi ulesi wake, koma atenge. Sindinayende ngakhale mapazi khumi. Ndinangomva chubwi! Potembenuka, mnzanga palibe, beseni lake likuzungulira lokha pamadzi. Ng'ona. Thupi analipeza asodzi patapita masiku awiri.

Tinaika maliro, sadaka inachitika, anthu anabwerera kumakasu awo, koma thupi langa linakana kuiwala. Munthu akangokhuthula ndowa, mtima unkagunda ngati utulukira pakamwa, miyendo kuzizira, maso n'kumaona beseni lija likuzungulira, chonsecho ndili pakhonde panga pouma gwa. Kusamba ndinkangodzipukuta ndi kansalu konyowa. Kumjigo ndinasiya. Ndipo mkati mwanga munali mawu osatopa, akuti mwala unali wako, ng'ona inadzera iwe. Kodi zimenezi ungauze ndani?

Azimayi anandipatsa dzina lakuti amphaka, poti mphaka amadana ndi madzi. Abambo akunyumba, Mulungu awadalitse, ndi amene ankapita kumjigo ndi zigubu panjinga, anzawo apabawo n'kumawaseka kuti anadyetsedwa, iwo n'kumayankha kuti inde anadya, ndipo zinali zokoma, wofuna abwere amugawireko.

Abale anga anati ndagwidwa ndi majini a m'madzi, n'kunditengera kwa sing'anga, iyeyo n'kunena kuti zochokera kumtsinje zimachotsedwera kumtsinje komweko. Anandigwira anthu anayi, kundiduduluza mpaka padooko lomwe lija, kundithira madzi amankhwala pamutu. Si nkhanza iyayi, ankandikonda, koma ndinabwerako chikomokere, ndipo mwezi wonse sindinatuluke m'nyumba.

Kenaka mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, anaima. Mwambo wathu mukuudziwa: mwana woyamba, tsiku lotuluka m'chikuta, amasambitsidwa ndi agogo ake akuchikazi, azimayi onse akuona. Manja amenewo ndiye anga. Asewere anga a ku Ntaja, mayi ake a mkamwini wanga, anatumiza uthenga mwaulemu kuti ndisadandaule, adzasambitsa ndi iwo. Pakamwa ndinathokoza, koma ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe. Mdzukulu wanga woyamba, ine n'kumaonerera patali ngati mlendo?

Tsiku lina nditaperekeza mwanayo kusikelo, wokolopa anakhuthula ndowa pafupi nane, ine ndinangopezeka ndabisala pansi pa benchi, mayi wamkulu ndithu, mpango uli pansi. Anamwino ena achitsikana anagwada pomwepo, osaseka, n'kundifunsa kuti ndinaona chiyani. Anthuni, zaka zinayi palibe anali atandifunsapo zimenezo, onse ankafunsa chimene chinandilowa. Ndinafotokoza zonse, mpaka za mwala. Anati si majini, si misala, ndi matenda odziwika amene amagwira munthu woona zoopsa, maganizo amatsalira pamalo angozi thupi lili kunyumba, ndipo amachizika. Za mwala anati ng'ona sidziwa kuti mwala uwu ndi wa ndani.

Ananditumiza kwa adokotala a maganizo, ndinkapitako kawiri pamwezi. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akabwera, ndi kutchula zimene ndikuona pamene ndakhalapo, nkhuku, mtondo, mtengo wa mango, mpaka maganizo abwerere kunyumba. Madzi tinayambira m'kapu, chala chimodzi. Kenaka m'mbale. Kenaka abambo akunyumba ankathira m'beseni pang'onopang'ono ine ndikuyimba, iwo n'kumadandaula kuti nyimbo zangazo zileketsa nkhuku kuikira. Masiku ena ndinkalephera, kuthawira kuchipinda, mawa n'kuyambiranso.

Mwana wanga anachira, tsiku lotuluka m'chikuta lija n'kufika. Kamtsikana, anthuni, kofiira psuu, tsitsi tho! Asewere anafunditsa okha madzi, n'kukhala pambali panga phewa kukhudza phewa, akuti manja anga akatopa awo ali pomwepo. Ndinakaika m'beseni. Kamwendo kake kanamenya madzi, chubwi! Mawu omwe aja. Dooko lonse linabwera m'maso mwanga. Ndinapuma. Nkhuku, mtondo, mango, mdzukulu wanga. Kanali katagwira chala changa, kakulira mokalipa ngati kakuti agogo fulumirani ndazizidwa. Ndinayambitsa nyimbo imene tinkayimba ndi mnzanga pochapa, misozi ikugwera m'beseni momwemo, ndipo ndinakasambitsa kuyambira kumutu mpaka kuzala zakuphazi. Nthungululu zake anazimva ogulitsa tomato kumsewu!

Kudooko sindinapitebe, ndipo mvula ikamagunda pamalata mtima umadumpha nthawi zina, sindingakunamizeni. Koma ndikukhulupirira tsopano kuti bala la m'maganizo lili ngati la pamwendo, limapola likamasamalidwa, ukalikanda limanyeka. Ndiye inu abale anga, mukaona wina akuthawa chinthu chimene inu simuchiopa, musamupatse dzina, musamukokere kumene anaonera zoopsa. Mufunseni chimene anaona, mumuperekeze kuchipatala.

Ine amphaka aja ndili pano. Kamtsikanako kali ndi zaka zitatu tsopano, ndipo kamakana kusambitsidwa ndi wina aliyense kupatula ine, akuti amayi ake sadziwa kuyimba.